Mmene mungasankhire chakudya cha wodwala impso amene wauzidwa kuchepetsa potaziyamu

Munthu akabwerera kwawo ku Nkhotakota kuchokera ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe atauzidwa kuti impso zake zafooka ndipo achepetse potaziyamu, amene amatsala ndi ntchito yaikulu ndi wophika. Potaziyamu ndi mchere wa m'thupi umene umathandiza mtima ndi minofu kugwira ntchito, ndipo impso zabwino zimataya wotsala kudzera mu mkodzo. Impso zikafooka, mcherewu umachuluka m'magazi, ndipo ukapitirira muyeso ukhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima popanda chizindikiro chilichonse chochenjeza.

Yambani ndi kufunsa zotsatira za magazi. Muyeso wabwino wa potaziyamu m'magazi uli pakati pa 3.5 ndi 5.0, ndipo ukafika pa 6.0 ndiye kuti zafika poopsa. Si aliyense wodwala impso amene ayenera kusala zakudyazi, choncho musamumane wodwala zipatso ndi masamba chifukwa cha mphekesera. Amene auzidwa kusala kawirikawiri amapatsidwa malire a mamiligalamu pafupifupi 2,000 pa tsiku, pamene nthochi imodzi yokulirapo ili ndi oposa 400. Nenaninso kwa adokotala mankhwala onse amene wodwala akumwa, chifukwa ena a kuthamanga kwa magazi monga enalapril, losartan ndi spironolactone amakweza potaziyamu, ndipo oletsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amawononga impso zofooka kale.

Pa chakudya chokhutitsa, kuno kunyanja tili ndi mwayi. Mpunga woyera, umene timalima m'madambo mwathu, uli ndi potaziyamu wochepa kwambiri, ndipo nsima ya ufa woyera imamuyenera wodwalayu kuposa ya mgaiwa, ngakhale kuti kwa munthu wabwinobwino timayamikira mgaiwa. Chinangwa, mbatata ndi mbatatesi zili ndi potaziyamu wambiri. Kondowole amapindulako chifukwa chinangwa chake chimavikidwa m'madzi masiku angapo ndipo madziwo amatayidwa, komabe mtanda ukhale wapakatikati.

Potaziyamu amasungunuka m'madzi, ndipo apa ndi pamene wophika ali ndi mphamvu. Sendani mbatata kapena chinangwa, muziduladula tizidutswa topyapyala, muzivike m'madzi ofunda ambiri kwa maola osachepera awiri, mutaye madziwo, kenaka muwiritse m'madzi atsopano ochuluka ndi kuwatayanso. Masamba nawo muyambe mwawawiritsa m'madzi ambiri ndi kuwatsanula musanawakazinge ndi anyezi. Ndikudziwa kuti mayi wa ku Malawi kutaya msuzi kumamuwawa mumtima, popeza tinaphunzitsidwa kuti thanzi la ndiwo lili m'madzi ake, koma kwa wodwalayu madzi amenewo ndi amene anyamula choopsa. Njirayi imachotsa gawo chabe la potaziyamu, motero siyikupereka ufulu wodzaza mbale. Mbatata yootcha ndi chipisi sizitaya kanthu, choncho zisiyeni.

Chinthu chimene ndikufuna kuti mabanja achimvetse koposa ndi chidulo. Phulusa la zomera zotenthedwa limadzaza ndi potaziyamu, ndipo madzi amene timacheza paphulusapo kuti tifewetse thelele kapena chigwada amalowetsa mcherewu mwachindunji mumphika. Mapepala a malangizo ochokera kunja satchula chidulo chifukwa olemba ake sachidziwa, koma m'midzi yathu chimalowa m'ndiwo kawirikawiri. Wodwala impso asadye ndiwo za chidulo. Soda wa m'sitolo alibe potaziyamu, koma ali ndi sodiyamu amene amakweza kuthamanga kwa magazi, choncho si wothawirako. Chenjeraninso ndi mchere wa m'masitolo wolembedwa kuti ndi wa sodiyamu wochepa, chifukwa kawirikawiri m'malo mwake amaikamo potaziyamu.

Pa masamba, kabichi, zitheba ndi mabiringanya ndi zosankha zabwino, pamene bonongwe, nkhwani, kholowa ndi chigwada zili ndi potaziyamu wochuluka. Mfutso umaposa pamenepo chifukwa kuyanika kumachotsa madzi okha. Nsinjiro nazo ndi zolemera ndi mcherewu, kotero ndiwo zotendera ndi futali zikhale za apo ndi apo, ndiponso pang'ono. Tomato mmodzi wamng'ono akwanire mphika wonse. Nyemba, khobwe ndi nandolo muzivike usiku wonse, mutaye madzi, ndipo wodwala apatsidwe masipuni ochepa.

Nsomba siyoletsedwa. Chidutswa cha chambo kapena kampango wamuwisi chofanana ndi chikhatho cha wodwalayo, chowiritsa, ndi chokwanira pa chakudya chimodzi. Usipa ndi utaka wouma umadyedwa ndi minga yomwe, ndipo umabweretsa potaziyamu ndi fosiforasi (mchere wina umene impso zofooka zimavutika kutaya) wambiri pa kambale kakang'ono, choncho uchepe. Dzira ndi ndiwo yabwino yosinthira.

Pa zipatso, pewani mapeyala, nthochi, magwafa, bwemba ndi malambe, kuphatikizapo zakumwa ndi mafilizesi a malambe amene amagulitsidwa m'misika ya ku Salima. Chinanazi ndi apozi n'zabwino. Mango payekha sali woopsa kwambiri, koma m'miyezi ya Novembala ndi Disembala munthu amatha kudya asanu atakhala pansi pa mtengo. Wodwala adye theka la limodzi, basi.

Musaphikire wodwala mankhwala azitsamba popanda kufunsa kuchipatala, ndipo akadzimbidwa nenani msanga, chifukwa impso zikafooka matumbo ndi amene amathandiza kutaya potaziyamu. Amene ali pa makina osefa magazi asadumphe tsiku lake. Wodwala akayamba kufooka miyendo mwadzidzidzi, kuchita dzanzi, kapena kumva mtima ukugunda mosalongosoka, musadikire kuti kuche: mutengereni ku chipatala chachikulu cha boma nthawi yomweyo, ndipo munyamule buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa.