Musanagule makatani, tulukani kaye panja usiku

Ndine telala, ndimasokera ku Zingwangwa, ndipo ambiri amene amabwera kudzasoketsa makatani amafika atagula kale nsalu. Ine sindiyamba n'kuyamikira maluwa a nsaluyo. Ndimafunsa kaye kuti zenera lake lapenya kuti, nanga kunja kwake kumadutsa ndani.

Lesi, ija yoyera yoonekera imene tonse timaikonda pabalaza, imabisa masana okha. Diso limaona kumene kukuwala kwambiri. Masana panja m'powala kuposa m'nyumba, ndiye inu mumaona odutsa koma iwo sakuonani. Kukada, mukangoyatsa getsi, zimatembenuka. Wapamsewu akuona TV yanu, akuona pamene mwasiya foni, akuona ndi ndiwo zomwe, inu mukungoona mdima. Tinti wonyezimira amene ena amamata pagalasi ndi chimodzimodzi, usiku sabisa kanthu.

Choncho dikirani kude, yatsani magetsi onse, mupachike chitenje kapena nsalu imene mukuiganizirayo pazenera, mutuluke mukaime pamene anthu amadutsa. Wina atsale m'nyumba aziyendayenda. Ngati mukuona chithunzithunzi cha munthu, nsaluyo ndi yopyapyala. Kuchipinda chogona isaonetse ngakhale mthunzi.

Mukatero musaime malo amodzi. Blantyre ndi wamapiri. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilobwe ndi ku Soche nyumba zambiri zili pamtsetse, moti mnzanu wakumtunda amakuonani podutsa pamwamba pa mpanda wanu, ngakhale mpandawo ukhale wautali. Zenera lopenya kumunsi mutha kungotchinga theka lake lam'munsi ndi kakatani kakafupi, pamwamba n'kusiya kuti kuwala kuzilowa. Koma lopenya kumtunda njira imeneyi siigwira, litchingeni lonse.

Kenako onani dzuwa. Zenera lopenya kumadzulo ndi limene limavutitsa. Mu Okutobala dzuwa lamasana limalowa mpaka pampando, chipinda n'kutentha mpaka usiku, ndipo nsalu imasuluka msanga. Pamenepa pafunika katani yokhuthala yokhala ndi nsalu ina yoyera kumbuyo kwake, mbali yopenya galasi. Yoyerayo imabweza kutentha ndipo imateteza utoto wa nsalu yanu yokongolayo. Muziitseka dzuwa lisanafike pazeneralo, osati chipinda chitatentha kale. Lakummawa n'chimodzimodzi ngati muli ndi khanda kapena mumagwira ntchito usiku. Lopenya kumpoto ndi lamwayi, chifukwa mu Juni ndi Julaye, nthawi ya chiperoni, dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo ndi zenera limeneli limafunditsa nyumba. Musaliphe ndi chikatani cholemera chosasuntha. Lakummwera silionana kwenikweni ndi dzuwa, masana lesi yokha imakwana.

Pabalaza ndi kuchipinda ine ndimalangiza ziwiri, lesi kufupi ndi galasi, yokhuthala mkati. Ndalama zikavuta, yambani ndi yokhuthala, lesi idzabwera pa malipiro ena. Ambiri amachita mosemphanitsa chifukwa lesi ndi imene imaoneka bwino kwa alendo.

Poyeza ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Musayeze galasi, yezani chitsulo chopachikirapo. Chitsulocho chipitirire zenera ndi masentimita 15 kapena 20 mbali iliyonse, ndipo chikhale masentimita 10 kapena 15 pamwamba pake. Mukatero, potsegula katani imakaunjikana pakhoma osadya kuwala, potseka sipatsala mpata m'mbali woti munthu n'kusuzumira. Nsalu ikhale kawiri kutalika kwa chitsulocho. Chitsulo cha mamita 2 chimafuna nsalu yotambalala mamita 4. Mukaumira n'kugula yongokwana ndendende, imangoti njo ngati shiti yoyanikidwa, ndipo pakati sipakumana. Pa msinkhu wake onjezerani masentimita osachepera 20 a mipendero. Isakhudze pansi. Nyumba zathu zambiri timakolopa tsiku ndi tsiku, ndipo katani yokwekwereza pansi imada kumunsi sabata isanathe.

Ngati nsalu ndi yathonje, ichapeni isanasokedwe, chifukwa imafupika ikangolawa madzi. Chitenje chimapanga katani yabwino, koma chimodzi sichikwana pazenera lalikulu, ndipo polumikiza maluwa ake ayenera kugwirizana, ndiye gulani zofanana zokwanira tsiku lomwelo. Mukabwerera mwezi wamawa mutha kupeza mtunduwo unatha. Usiku chitenje chokha chimaonetsa, chimafuna nsalu yakumbuyo ija.

Za pakaunjika sindizinyoza. Pamsika wa Limbe pamapezeka makatani okhuthala abwino, ena osokedwa kale ndi nsalu yakumbuyo. Kungoti itambasuleni yonse, muipenyetse kudzuwa. Onani m'mipindo ngati sinasuluke mizeremizere, kokani pang'ono m'mphepete. Nsalu imene inapsa ndi dzuwa imang'ambika pochapa koyamba. Inunkhizeninso, fungo la chuku silichoka msanga.

Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limasankhanso nsalu. Ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu wafumbi, lesi yoyera mbee idzakutopetsani, tengani yotuwirako, ndipo pewani nsalu zaubweyaubweya. Ma blinds, zotchingira mazenera zija za timapale tokokedwa ndi chingwe, amaoneka bwino ndipo amalola kuti muchepetse kuwala pang'onopang'ono, koma kupukuta timapale take timodzitimodzi si ntchito yamasewera. Zingwe zake muzimangirire m'mwamba ngati m'nyumba muli ana aang'ono, chifukwa mwana atha kudzikola nazo pakhosi.

Kukhitchini katani ikhale yaifupi, yochapika msanga, kutali ndi moto. Magetsi akazima musaike kandulo pazenera, kamphepo kakang'ono n'kokwanira kukankhira nsalu palawi. Kubafa nsalu imachita chuku nthawi yadzinja, ndiye bola pepala lapulasitiki lomata pagalasi, lija lotuwa losanyezimira, lolola kuwala koma osaonetsa munthu. Iloli limagwira ntchito usiku womwe, komabe liyeseni mutaima panja.

Amene muli m'nyumba ya lendi, funsani alandilodi musanaboole khoma. Akakana, waya wa makatani uja wokutidwa ndi pulasitiki, wokoleka pa timbedza tiwiri, amanyamula lesi ndi nsalu zopepuka bwinobwino, koma yolemera amagwa nayo mimba pakati. Ndipo poti nyumba ya lendi sukhalitsa, uzani telala apinde mpendero waukulu m'munsi m'malo modula nsalu yotsalayo. Mukasamukira kumene mazenera ake ndi aatali, mudzangomasula ulusi.