Kalembedwe ka mbiri ya malemu mayi wa kumunda

Yambani ndi achemwali awo ndi anzawo a kudimba, poti ndiwo ankakhala nawo tsiku lonse. Agogo ambiri chaka chobadwa sichinalembedwe, choncho funsani ngati pa njala ya 1949 anali atayamba kusinja, kapena kuti pa ufulu wa 1964 anali ndi ana angati. Zaka zimatulukira pamenepo.

Chezani ndi munthu mmodzi, mphindi 40 zokha, akaweruka kumunda. Pagulu amalankhula wamkulu yekha, ena n'kungovomera. Mawu jambulani pa foni muli m'nyumba, kunja mphepo imawaphimba. Funsitsani za mbewu zamakolo zomwe ankasunga, momwe ankafutsira nkhwani, makamaka nyimbo zawo za pamtondo, chifukwa zimenezi zimatayika msanga. Mbiriyo isanawerengedwe pachiliza, mwini mbumba aimve kaye.