Bandulo ikutha msanga pa rauta? Yambani mwaona amene akumwa nawo

Mwezi watha ndinafika pakhomo pena pamene mayi a nyumbayo amadandaula kuti bandulo ya mwezi wonse ikumatha pa masiku 9 okha, iwo amati basi rauta yaonongeka agule ina. Titalowa mu setingi tinapeza zida 14 zolumikizika, pamene pakhomopo mafoni alipo 4 ndi laputopu imodzi. Zinazo zinali za ana a maneba, aja amakhala kuseri kwa mpanda madzulo mitu ili zyoli pa foni. Rautayo inalibe vuto, kungoti inali momwe inatulukira mu katoni, palibe anaikhudzako. Zinandipweteka chifukwa ndalama ya bandulo mayiwo amaipeza pogulitsa mandasi, pamene kukonza kwake ndi mphindi 20 basi osalipira munthu.

Tiyambe apa, rauta ili ndi mapasiwedi awiri ndipo ambiri mumadziwa imodzi yokha. Ija mumapatsa alendo kuti alowe pa WiFi ndi ina, koma palinso ya admin, yolowera mkati mwenimweni mosinthira zinthu. Tembenuzani rauta yanu, pansi pake kapena kuseri kwa batire ngati ndi ka MiFi pali sitika, pamenepo alembapo adilesi yake. Zambiri zimakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, za Huawei zoika simu khadi zija nthawi zambiri ndi 192.168.8.1. Lumikizani foni ku WiFi yomweyo, zimitsani data ya mufoni, tsegulani Chrome n'kulemba manambalawo pamwamba polemba adilesi paja. Sizidya bandulo izi, mukungolankhula ndi kabokosi kali m'nyumba mwanu momwemo.

Ikakufunsani dzina ndi pasiwedi mupeza kuti zambiri ndi admin, admin. Mwana aliyense wa sekondale amazidziwa zimenezi, ndiye akangolowa pa WiFi yanu kamodzi atha kuona pasiwedi, kuisintha, ngakhale kukutsekerani kunja eni ake. Si ana okhanso ayi. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyendayenda pa intaneti kuyesa mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60 pa marauta ndi makamera, inagwira zida zambirimbiri ndipo mu Okutobala chaka chimenecho anthu achiwembu anazigwiritsa ntchito kugwetsa Twitter ndi Netflix kwa anthu ambiri ku America. Ndiye musanakhudze china chilichonse sinthani ya admin, ndipo isafanane ndi ya WiFi.

Kenako pitani pomwe alemba Wireless kapena WLAN, muone pa Security mode. Sankhani WPA2-PSK yokhala ndi AES. Ngati pali WPA3, imene inabwera mu 2018, ndiyo yolimba kwambiri koma mafoni akale ena amakana kulumikiza, ndiye ngati agogo ali ndi kafoni kawo kakalekale sankhani yophatikiza WPA2/WPA3. Mukaona WEP thawani, imeneyo anthu amaithyola pa mphindi zochepa. Pasiwedi ya WiFi rauta imalola kuyambira zilembo 8 koma ine ndimati zipose 12. Nambala yanu ya foni ayi, dzina la mwana ndi chaka chobadwa ayi, neba amazidziwa zonsezo. Tengani mawu a Chichewa atatu kapena anayi osagwirizana n'komwe muwalumikize, monga nkhwani njinga mtondo kenako nambala ina, n'zosavuta kukumbukira koma wongoganizira sangazipeze. Chitsanzo changachi musachikopere, pezani anu.

Pali kabatani kena kolembedwa WPS, ichi ndiye ndimalimbikira kwambiri kuti muzimitse mu setingi. Munthu akakadina, kwa mphindi ziwiri chida chomwe chili pafupi chitha kulowa popanda pasiwedi, ndiye mlendo wokhala pa balaza inu muli ku khitchini wamaliza kale. Komanso WPS ili ndi PIN ya manambala 8 imene mu 2011 akatswiri anapeza kuti rauta imaiyesa m'magawo awiri, moti wakuba amangoyesa maulendo pafupifupi 11,000 okha n'kulowa, kompyuta ntchito imeneyo imaigwira pa maola ochepa ngakhale pasiwedi yanu italike bwanji. Pomwepo zimitsaninso Remote management, palibe chifukwa choti rauta ya pakhomo izilowedwa ndi munthu ali kutali.

Tsopano vuto lenileni la kwathu kuno ndi loti kumana munthu pasiwedi n'kovuta, mlamu wabwera, mwana wa achemwali wabwera, mukana bwanji. Koma dziwani kuti kuyambira Android 10 foni imene yalowa kale imatha kuonetsa QR code, mnzake n'kungojambula walowa, ndiye mwapatsa mmodzi koma sabata isanathe mdadada wonse uli momwemo. Njira yake ndi Guest network, WiFi ina ya alendo pa rauta yomweyo. Yatsani imeneyo, ikhale ndi pasiwedi yakeyake, alendo muziwapatsa ya kumeneko, akapita mwasintha kapena mwazimitsa, mafoni a pakhomo osasokonezeka. Marauta ena amalola kuika malire a liwiro kapena nthawi pa Guest, ngati yanu ili nazo gwiritsani ntchito. Zobisa dzina la WiFi ndi zoblocka mafoni mmodzimmodzi ine sindizilimbikitsa, mafoni a masiku ano amatha kusintha nambala yawo ya MAC, ija rauta imawazindikirira, ndiye amene mwamutseka lero mawa wabweranso ngati mlendo. Mukaona zida zachilendo pa Connected devices ingosinthani pasiwedi, onse atuluka nthawi imodzi.

Za liwiro, musanathamangire setingi yang'anani pomwe rauta yakhala. Ndimaipeza pansi kuseri kwa TV, ina mu kabati atatsekera poopa ana, ina ataifunditsa kansalu koluka kuti isadetsedwe ndi fumbi, ikutentha ngati mbaula. Khoma la njerwa limadya netiweki, malata ndi zitsulo zimaibweza. Ikani pamwamba, poyera, podutsa mphepo. Ngati ndi ya simu khadi iyendetseni pa mawindo onse a nyumba mukuyang'ana timizere ta siginolo, kumene tadzadza ndi kwawo, chifukwa rauta ikamalandira mofooka kuchokera ku tawala palibe setingi ingakuthandizeni.

Marauta ambiri atsopano amatulutsa WiFi ziwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 ndi yothamanga koma siipita patali, makoma awiri yafooka kale, ndiye ndi ya TV ndi laputopu zomwe zili chipinda chimodzi ndi rauta. Ya 2.4 imafika mpaka pa khonde ndi ku bafa koma ndi yodzadza, Bluetooth ndi microwave zimagwiranso pomwepo. Ngati mumakhala mothinana ngati ku Ndirande kapena ku Area 25 ndipo foni ikuonetsa maWiFi a maneba ambirimbiri, chotsani Channel, kanjira kamene WiFi yanu imadutsamo, pa Auto muyese 1, 6 kapena 11, atatu amenewa ndi omwe saloŵerana, ndipo Channel width muike 20 MHz. Yesani imodzi tsiku lonse muone. Kumudzi kopanda rauta ina pafupi isiyeni pa Auto, musavutike.

Koma nditachotsa ana a maneba aja bandulo ya mayiwo inkathabe msangako, ndipo apa ndi pamene ambiri sayang'ana. Foni ikaona WiFi imaganiza kuti ndi yaulere yopanda malire, ndiye Play Store imayamba kupanga update ma app onse, Google Photos ikukweza zithunzi ndi mavidiyo, WhatsApp ikutsitsa chilichonse cha m'magulu a mpingo ndi a maliro, laputopu ya Windows nayo ikukoka ma update a magigabayiti usiku inu muli mtulo. Iuzeni foni kuti WiFi imeneyi ndi yogula. Pa Android lowani pa dzina la WiFi yanu musankhe metered, pa iPhone yatsani Low Data Mode, pa Windows yatsani Metered connection. Chitani pa chida chilichonse cha m'nyumba, ndipo mu rauta pa Statistics ikani kukula kwa bandulo yanu kuti muziona mmene ikutsikira.

Firmware, pulogalamu yoyendetsa rauta, muziipanga update rauta ikakuuzani, imatseka mabowo olowera akuba omwe apezeka, koma osayamba nthawi yomwe magetsi atha kuthima chifukwa ikadukira pakati rauta itha kufa osadzukanso. Ka MiFi kayambe kadzadza batire.

Mukasokoneza zinthu kapena mwaiwala ya admin, kuseri kuli kabowo kolembedwa Reset, lowetsani kapini mugwire masekondi 10, zonse zibwerera za pa sitika ndipo muyambiranso kuchokera pa admin paja. Mapasiwedi atsopanowo alembeni mu kope musunge kuchipinda, osamata pa rauta pomwe aliyense wolowa pa balaza awerenga.