Kakonzedwe ka kondowole

Mwafunsa za kakonzedwe ka ufa wa kondowole (nsima ya chinangwa) ndi kaphikidwe kake kuno ku Nkhotakota. Chinangwa chinachokera ku South America kudzera mwa Apwitikizi, koma lero ndicho chakudya chathu.

Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, choncho kuviika musakudumphe. Chisendeni, muchiviike m'madzi masiku 3 mpaka 5. Mu Juni, kukamazizira, chimachedwa kufewa. Chikamafinyika ndi dzanja chavundika bwino. Chitsukeni, chotsani mtsitsi wapakati, muchiphwanye tizidutswa n'kuyanika pathandala mpaka chiume gwa. Chosauma bwino chimachita nkhungu, ufa umada n'kumanunkha. Sinjani mumtondo kapena kuchigayo, musefe.

Pophika m'pamene ozolowera mgaiwa amalakwitsa: apa palibe zoyamba ndi phala. Madzi awire kaye, muphule poto, kenako thirani ufa wambiri nthawi imodzi, wopitirira kapu imodzi pa makapu 2 a madzi. Vundulani mwamphamvu ndi mthiko wolimba, poto mutayipana ndi mapazi. Mukachedwa mumatuluka mibulu, ndipo siitheka kuphwanya. Nsimayo ikayamba kutamuka, ufa woyera osaonekanso, yapsa. Omolani yotentha, mudyere usipa kapena chigwada chotendera.