Mmene mungadziwire mtundu wa munthu wamakedzana poyang'ana mano ake

Ku Uraha m'boma la Karonga kunapezeka nsagwada mu 1991, amaitchula UR 501, ndipo gulu la akatswiri Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linati ndi ya Homo rudolfensis, mtundu wa munthu wamakedzana wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Nde anthu amafunsa kuti nsagwada yokha basi, mutu palibe, miyendo palibe, anadziwa bwanji? Anawerenga mano. Enamelo, chikutu choyera chija cha pamwamba pa dzino, ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi, mafupa amaola kapena afisi amaswa koma mano amatsala mpaka kusanduka mwala.

Choyamba tsimikizani kuti dzinolo ndi la banja la anthu, apa mpamene ambiri amapusa. Dzino la nkhumba likaperepeseka limaoneka ngati lathu zedi, moti mu 1922 akatswiri analengeza nyani wofanana ndi munthu chifukwa cha dzino limodzi lopezeka ku Nebraska ku America, patapita zaka zochepa zinadziwika kuti linali la kanyama konga nguluwe. Yang'anani pamwamba pa dzino lotafunira la m'munsi, kwa ife ndi achimpanzi nthawi zambiri pamakhala timapiri tisanu ndipo mizere ya pakati pake imapanga chilembo cha Y, pomwe nyani ndi pusi timapiri tawo timakhala tiwiritiwiri moyang'anana.

Kenako dzino losongoka lija la pambali pa mano akutsogolo. La chimpanzi ndi lalitali ndipo limadzinola pa dzino la m'munsi akamatseka pakamwa, la banja la anthu ndi lalifupi, limaperepeseka kunsonga. Limeneli silivuta.

Tsopano tengani kalipa, kachipangizo kopana chinthu pochiyeza, muyeze m'litali ndi m'lifupi mwa dzino lililonse mu mamilimita, koma manambalawo paokha sakuuzani zambiri, nkhani yagona pofananitsa mano akumbuyo ndi akutsogolo a kamwa lomwelo. Paranthropus boisei, mtundu wina wamakedzana wa banja la anthu, amene chigaza chake anachipeza Mary Leakey ku Olduvai Gorge ku Tanzania mu 1959, anali ndi zimano zakumbuyo zikuluzikulu zafulati, enamelo yokhuthala kwambiri, koma akutsogolo ting'onoting'ono topanikizana, ndipo chidutswa cha nsagwada yam'mwamba ya mtundu womwewu chinapezekanso ku Malema konko ku Karonga mu 1996. A mtundu wa Homo, momwe mulinso ife, mano akumbuyo amachepako ndipo kusiyana kwake ndi akutsogolo sikukhala kwakukulu choncho. A UR 501 ndi aakulu kuposa athu koma safika pa a boisei. Ine chimandisangalatsa kwambiri nchakuti mitundu iwiri yosiyana chonchi inkakhala dera limodzi m'mbali mwa nyanja yathuyi pafupifupi nthawi imodzi, ndipo umboni wake ndi mano.

Dzino likakhala loperepeseka musalitaye mtima. Masiku ano amaliika mu makina ojambula ndi X-ray otchedwa micro-CT nkuona mkati osalidula, pamene enamelo imakumana ndi mnofu wolimba wa dzino pamakhala timapiri tomwe tija tisanathe, komanso amaona mizu kuti ilipo ingati ndipo inagawikana bwanji.

Chenjerani ndi kusakaniza mtundu wa munthu ndi chakudya chake. Boisei uja kwa zaka zambiri ankati ankaswa mtedza wolimba chifukwa cha zimano zija, koma atayeza kaboni wa mu enamelo anapeza kuti ankadya kwambiri zomera za mtundu wa udzu. Komanso amuna ndi akazi a mtundu umodzi amasiyana kukula kwa mano, nde dzino limodzi lalikulu sindiye kuti mwapeza mtundu watsopano ayi, pamafunika kuliika pambali pa mano ambirimbiri odziwika kale a ku Kenya, Ethiopia ndi South Africa.

Zaka zake dzino silinena lokha, zimachokera ku dothi lomwe lagonamo. Ku Karonga anagwiritsa ntchito mafupa ndi mano a nyama zakale, makamaka nkhumba zam'tchire, powafananitsa ndi a malo ena omwe zaka zake zimadziwika kale. Nchifukwa chake mukaona dzino kapena fupa looneka ngati mwala litatulukira m'chigwembe mvula itakokolola, chonde musalizule kapena kulitsuka, lijambuleni pomwepo ndi foni mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke, sungani malowo pa GPS, kenako kawuzeni a ku Cultural and Museum Centre Karonga abwere adzalichotse okha pamodzi ndi dothi lake.