Kuchepetsa ululu wotsikira m'mwendo pa nthawi yoyembekezera

Amayi ambiri oyembekezera, makamaka mimba ikapitirira miyezi isanu ndi umodzi, amadandaula za ululu umene umayambira m'chiuno, kudutsa m'thako, n'kutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi. Ena amati mwendo ukuwotcha ngati moto, ena amati wachita dzanzi, ndipo kawirikawiri ululuwo umagwira mbali imodzi yokha. Gwero lake ndi mtsempha umene madokotala amautchula kuti sciatic, womwe ndi waukulu kuposa mitsempha yonse yotumiza uthenga m'thupi ndipo umatulukira m'munsi mwa msana. Mimba ikamakula, mfundo za m'chiuno zimafewa, msana umapindika chifukwa cha kulemera kwa chiberekero, ndipo minofu ya m'thako ikakungika imafinya mtsemphawo.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti amayi ambiri amangouzidwa kuti apirire, pamene zilipo zinthu zingapo zimene zimathandizadi.

Choyamba ndi kagwiridwe ka ntchito zapakhomo, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Kuchapa mutawerama pa beseni lomwe lili pansi, kuphika pa mbaula mutakhala pa kampando kafupi, ndiponso kusenza ndowa ya madzi pokwera zitunda za ku Masasa kapena ku Chiputula muno mu Mzuzu, zonsezi zimaonjezera ululu. Ikani beseni pamalo okwera kuti muzichapa msana uli woongoka, khalani pa mpando wokhala ndi potsamira, ndipo mukafuna kutola kanthu pansi, pindani maondo m'malo mowerama. Katundu wolemera asiyireni ena. Abambo a pakhomo ndi apongozi ayenera kumvetsa kuti mayi amene wasiya kusenza ndowa sakuchita ulesi. Kabaza nayenso, pa misewu ya mabampu, ndi wofunika kumupewa ngati n'kotheka.

Usiku gonani chammbali, mbali yopwetekayo ili pamwamba, ndipo muike pilo kapena bulangeti lopinda pakati pa maondo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene kuno ku Mzuzu thupi limachita kuumirira, thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni m'chitenje, muliike pathako kapena m'munsi mwa msana kwa mphindi 15 mpaka 20. Madziwo asakhale otentha kwambiri, ndipo botololo lisaikidwe pamimba.

Kugona tsiku lonse sikuthandiza. Yendani pang'onopang'ono pamalo athyathyathya, ndipo kawiri kapena katatu patsiku mukhale pa mpando, muike kakolo wa mwendo wopwetekawo pabondo la mwendo winawo, kenako mupendekere kutsogolo msana uli woongoka kufikira mutamva kukoka m'thako. Khalani choncho kwa masekondi 30, koma ululu ukakula, siyani.

Pa za mankhwala, Panado ndiye amene anamwino amakonda kupereka kwa amayi oyembekezera, koma funsani kusikelo za mlingo wake. Musagule Brufen kapena Diclofenac pa golosale, chifukwa mankhwalawa angathe kuvulaza mwana, makamaka mimba ikapitirira masabata 20. Mankhwala azitsamba akumwa nawonso apeweni.

Kwa amayi ambiri ululuwu umatha akachira, komabe pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mukulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, ngati mwachita dzanzi pakati pa miyendo, ngati phazi likukhwekhwereka poyenda, kapena ngati mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kupweteka pa katumba, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha wa magazi. Chimodzimodzinso ngati ululu wa msana ukubwera n'kumapita pamodzi ndi kulimba kwa mimba, kutaya magazi kapena madzi, kapena kutentha thupi. Ngati palibe zizindikirozi koma ululu ukukulepheretsani kuyenda ndi kugona, auzeni anamwino a kusikelo, kaya ku Mapale kapena kwina kumene mumapimitsa, kuti akulembereni kalata yokaonana ndi a fiziyo (akatswiri ochiza ululu wa minofu ndi mfundo polimbitsa thupi) ku Mzuzu Central Hospital.