Penti wa ufa wa kondowole kwa mwana woika chilichonse mkamwa

Mdzukulu wanga ali ndi zaka 9, salankhula, ndipo chilichonse akagwira chimayamba chapita mkamwa. Penti wa m'sitolo ndinamuleka tsiku limene ananyambita burashi. Masiku ano penti ndimaphika ndekha kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu.

Sungunulani masipuni awiri a ufa wa kondowole m'kapu imodzi ya madzi ozizira, muteleke pamoto wochepa uku mukutakasa mpaka phala linande. Likazizira gawani m'timbale. Kofiira thirani madzi a chidede, kobiriwira finyirani bonongwe wosinja. Akalawa simuthamanga mtima.

Pepala la m'kope limang'ambika msanga. Pemphani katoni kwa mavenda mumsika, muiphwasule, muyale pamkeka. Ine ndimaipanikiza ndi bondo kuti isathawe.

Apa ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Musagwire dzanja la mwana n'kumalikoka ngati khasu. Lowetsani lanu pansi pa lake, muviike chala chanu, iye amve kuyenda kwake. Akafuna atsetsereka yekha n'kukhudza. Wanga anatha masabata angapo akungondikwera padzanja, kenako tsiku lina anamenya phala ndi chikhatho chonse, lina linandigwera m'diso, iye kuseka. Muonetseni mitundu iwiri yokha, mudikire. Werengani mpaka 10 chamumtima. Kuyang'ana mbale nakonso n'kusankha.

Alipo ana onyansidwa ndi zonanda. Oterewa athirireni phala m'pepala la shuga, mumange kukamwa kwake zolimba, azidinikiza ali kunja, inu muli pomwepo.

Phala lomweli ndi guluu. Atelala a ku Taifa Market amataya tizidutswa ta zitenje. Sankhani tikulutikulu, mwana azimata pakatoni. Nyemba, mikanda ndi zitsekerero za mabotolo ayi, zimatsamwitsa. Ngati mwana sakhazikika pokhala kapena zala n'zouma, kafunseni a kuchipatala cha St John of God za kamukhazikidwe.

Mphindi 5 zakwana. Akatembenuza nkhope, mwaweruka. Mu Juni ndi Julaye phala ndimalisiya lofundira, poti zala zozizidwa sizifuna kukhudza kanthu, ndipo katoni ndimaumitsa chapatali ndi mbaula, apo ayi ndi mvula yowaza ya kunoyi imachita nguwi. Lotsala tayani, mawa lake limasasa.

Chimene wapaka musakonze, ngakhale chioneke ngati padutsa nkhuku. Chipachikeni pachingwe pamene iye angachione, osati pansi, chifukwa mphemvu phalali zimalikonda.